Bolodi ndi T-square, AutoCAD, SketchUp kapena Revit: woyamba kujambula mapulani agwire chiti?

Amene mwangosankhidwa kumene kukaphunzira za kamangidwe ku MUBAS, komanso inu amene mwalowa ku makoleji a ntchito zamanja monga Soche ndi Lilongwe Technical, funso lanu ndikulidziwa chifukwa nanenso linandisowetsa tulo: kandalama kochepa kali m'thumbaka ndigulire bolodi ndi zida zake, kapena ndikasungire laputopu? Bolodi wojambulira pamanja ndi mapulogalamu a pakompyuta atatuwa, AutoCAD, SketchUp ndi Revit, zinayi zonsezi ndazigwirapo, ndipo sindinamizira kuti ndimazikonda mofanana.

Ndiyambe ndi bolodi, amene ambiri amati ndi wachikale. Pamafunika T-square (rula yaitali yooneka ngati chilembo cha T), ma set square awiri, omwe ndi marula a makona atatu (wa madigiri 45 ndi wa 30 ndi 60), rula ya sikelo ya mbali zitatu ija, mapensulo a 2H, HB ndi 2B, labala wofewa ndi tepi yomatira pepala. Pepala la A1 ndi la mamilimita 594 kwa 841, koma poyeserera la A3 ndi lokwanira. Chimene bolodi amaphunzitsa, chomwe kompyuta imabisa, ndi sikelo. Pa 1:100, sentimita imodzi papepala ndi mita imodzi pansi. Khoma la njerwa la mamilimita 230 limasanduka kampata ka mamilimita 2.3, chitseko cha 900 chimakhala 9. Ukajambula zimenezi kwa mwezi, diso limayamba kuona lokha kuti kachimbudzi aka munthu sangatembenukemo. Ndipo dzanja limaphunzira kuti mizere siilemera mofanana: khoma limene ladulidwa umalidinda kwambiri, za patali monga matailosi umangozikhudza ndi 2H.

Paja pulani ndi nyumba yodulidwa chopingasa, pafupifupi mita imodzi kuchokera pansi, iwe n'kuisuzumira uli pamwamba. Sekishoni ndi nyumba yomweyo yong'ambidwa ngati papaya, kuchokera ku malata mpaka ku maziko. Pabolodi, sekishoni ndiye imaulula munthu. Sungajambule chimene sukuchidziwa: lintala yakhala pati, mitengo ya denga yatsamira pa chiyani, pulasitiki woletsa chinyontho wadutsa pati. Pensulo imangoima, iwe n'kupita kukafunsa amisiri.

Kuipa kwake nakonso n'kwenikweni. Mwini nyumba akati khitchini ikule pang'ono, ufufuta pulani, maonekedwe a mbali ziwiri ndi sekishoni yomwe. Mu Okutobala thukuta la m'manja limadetsa pepala, msana nawo umadandaula. Koma magetsi akathima, wa bolodi amangosendera pafupi ndi zenera.

AutoCAD, imene kampani ya Autodesk inatulutsa mu 1982, kwenikweni ndi bolodi yemweyo atalowa m'kompyuta. Umajambula chilichonse pa msinkhu wake weniweni, sikelo umaisankha posindikiza. Ukadziwa malamulo ojambulira a LINE, OFFSET, TRIM, COPY ndi kagawidwe ka mizere m'magulu otchedwa ma layer, theka la ntchito wathana nalo. Mphamvu yake yaikulu ndi fayilo ya DWG, imene mainjiniya ndi oyeza malo amatumizirana, kotero pofuna ganyu mu ofesi funso loyamba limakhala lakuti, "AutoCAD mumaitha?" Msampha wake ndi zoom, kukulitsa chojambula pa sikirini. Umatha ola lathunthu ukukongoletsa chogwirira cha chitseko, posindikiza pa 1:100 n'kupeza kuti ndi kadontho chabe, pamene manambala a miyeso achepa moti kapitawo sangawawerenge ali padzuwa. Ophunzira a masukulu ovomerezeka amapatsidwa chilolezo chaulere cha chaka chimodzi, chotheka kuchiwonjezera. Sukulu ikatha, malipiro ake ndi a madola. Zija zokoperana pa fulashi ndi zomwe zimabweretsa mavairasi usiku woti mawa lake ukapereke ntchito. Ngati laputopu yanu ndi yokalamba, LibreCAD ndi yaulere, ndi yopepuka, imasunga mafayilo a DXF amene AutoCAD imatsegula. Siyokoma kugwiritsa ntchito, koma mizere imatuluka.

SketchUp ndiye nyambo. Umajambula kabokosi, n'kukakoka ndi chida chake cha Push/Pull, pa mphindi khumi nyumba yaima, ya khonde ndi mthunzi womwe. Google inaigula mu 2006, n'kuigulitsa kwa Trimble mu 2012, ndipo yaulere yake masiku ano imayendera pa intaneti, kutanthauza kuti imadya bandulo. Poonetsa amalume a kumudzi mmene nyumba yawo idzaonekere, palibe yoiposa, pakuti si aliyense amawerenga pulani. Koma inandichititsapo manyazi. Chaka choyamba ndinapereka kanyumba ka madenga atatu olumikizana, ndikudzimva ndithu. Aphunzitsi anangoyang'ana n'kufunsa kuti, "Madzi a mvula apa apita kuti?" Madenga awiri ankathira madzi pakhoma la chipinda chogona. SketchUp inalola zonsezo osatsutsa, chifukwa kwa iyo khoma ndi denga ndi mapepala opanda kulemera.

Revit ndi ArchiCAD ndi gulu lina, lotchedwa BIM (Building Information Modelling). Kumeneko suika mizere iwiri n'kuitcha khoma. Umaika khoma lenileni, lodziwa kunenepa kwake, kutalika kwake ndi zipangizo zake. Ukasuntha zenera pa pulani, limasuntha lokha pa sekishoni ndi pa mndandanda wa mazenera. Revit, imene Autodesk inagula mu 2002, imayenda pa Windows pokha ndipo imafuna makina amphamvu. RAM ya 16 GB ndiye poyambira pabwino. ArchiCAD ya Graphisoft, ya ku Hungary, imayendanso pa Mac. Kutsogoloku ntchito zikuluzikulu zikulowera kumeneko. Komabe munthu wongoyamba kumene ndimamuletsa. Makoma ambiri amene umawapeza kale mmenemo ndi a kamangidwe ka kunja, a zitsulo kapena matabwa ndi mabolodi, osati njerwa zathu kapena mabuloko a simenti. Ndipo sekishoni imatuluka yokha, yooneka yaukatswiri, iwe osadziwa ngati ili yolondola. Amene sanaijambulepo pamanja alibe poigwirira bodza.

Ndiye zikanakhala ndalama zanga, ndikanayamba ndi rula ya sikelo, ma set square, mapensulo ndi tepi yoyezera ya mamita asanu. Bolodi angakupangireni kalipentala ndi pulayiwudi yosalala, bola mbali ya kumanzere ikhale yowongoka kuti T-square iyende bwino. Miyezi yoyamba yezani chipinda chimene mukugonamo, mujambule pulani ndi sekishoni yake pa 1:50, osaiwala kunenepa kwa makoma ndi mbali imene chitseko chimatsegukira. Kenako chijambuleninso mu AutoCAD kapena LibreCAD, musindikize pa sikelo yomweyo, musanjikize mapepala awiriwo pagalasi la zenera kuti muone pamene asiyana. SketchUp muzitsegula pulani ikatha, poyesa denga ndi mithunzi. Laputopu yonyamula Revit idikire chaka chachiwiri kapena chachitatu. Mukaigula lero, podzafika nthawi yoifuna batire lake lidzakhala litatha kale.