Jahangir kapena Jansher: mfumu ya squash ndani?

Chiperoni chitatitsekera m'nyumba ku Bvumbwe, ine ndi amalume tinakangana mpaka tiyi kuzizira m'makapu. Nkhani yake inali ya akatswiri awiri a ku Pakistan a squash (masewera a anthu awiri omenyera kampira pakhoma mosinthana), Jahangir Khan ndi Jansher Khan.

Amalume, omwe anaphunzira masewerawa akugwira ntchito ku esiteti ya tiyi, ali mbali ya Jansher. "Mphwanga, werenga zikho. World Open, mpikisano wa dziko lonse lapansi, anaitenga maulendo 8, mnzakeyo 6 basi." Sakunama. Jansher anali wopepuka miyendo, mpira wogwera pakona ankaufikira ngati sakuvutika, ndipo British Open, mpikisano wina waukulu, anaitenga maulendo 6.

Ine mtima wanga uli kwa Jahangir. Anakhala katswiri wa dziko lonse lapansi mu 1981 ali ndi zaka 17 zokha, patangopita zaka ziwiri mkulu wake Torsam atamwalira akusewera ku Australia. Anapambana masewera 555 motsatizana, zaka zisanu osagonja, mpaka Ross Norman wa ku New Zealand anamugwetsa mu 1986. British Open anaitenga maulendo 10 mosadukiza, kuyambira 1982 mpaka 1991. Jahangir ankathamangitsa wopikisana naye m'bwalo mpaka kumusiya ali wefuwefu.

Amalume anangopukusa mutu. "Tandithirira tiyi wina."