Lilongwe mpaka London pa Ethiopian Airlines, mmene ndinauonera ulendowu

Anthu ambiri akamafunsa kuti ku London ndi maola angati amayembekeza nambala imodzi basi, koma zoona zake ndi zoti kuchokera pa bwalo la ndege la Kamuzu (KIA) ku Lumbadzi palibe ndege yopita dayilekiti. Mtunda wake mukaukoka chingwe ndi pafupifupi makilomita 8,000, ndege itati ingonyamuka osaima penapake ndi maola ngati 10, koma ife timadutsira kwina ndiye nkhani imasintha pamenepo.

Ine ndimakonda ya Ethiopian yodutsira ku Addis Ababa. Lilongwe kukafika pa Bole, bwalo la ndege la ku Addis, ndi maola pafupifupi 4, mumanyamuka masana nkukafika kutada, kenako ya ku London imanyamuka pakati pa usiku, maola ena pafupifupi 8 chifukwa apa pokha ndi makilomita cha m'ma 5,900, mumatera pa Heathrow Terminal 2 kukungocha kumene. Mukaphatikiza ndi kudikira kuja ulendo wonse umapitirira maola 15 ndithu, osawerengera za cheki-ini komanso mzere wa imigireshoni uko. Chomwe ndimaikondera njirayi n'choti nthawi yonse mukulowera kumpoto komwe mukupitako, pomwe mukadzera ku Johannesburg mumayamba mwabwerera kummwera maola awiri ndi kuposerapo kenako maola ena 11 kuti mukafike London, thupi limamva ndithu makamaka ngati muli ndi mwana pamiyendo kapena mwatenga agogo.

Pa Bole paja musapatenge mopepuka abale. Addis ili pamwamba kwambiri, mamita oposa 2,300, usiku kumazizira ngati Dedza mu Juni, ndiye juzi ikhale mu kachikwama ka m'manja osati mu sutikesi yomwe mwaitumiza pansi. Nthawi imeneyo ndi yomwe ndege zambiri za ku Ulaya ndi America zimanyamuka ndiye anthu amakhala thoo, mukangotsika pitani kaye mukadutse pa sekyulite muone geti yanu, khofi mudzamwa pambuyo, ndipo khofi wa kumeneko ndi wabwino zedi.

M'ndegemo chakudya chimabwera chotentha, nkhuku kapena nsomba ndi mpunga, ogwira ntchito ndi aulemu ndipo akaona mayi ali ndi khanda amathandiza osachita kupemphedwa. Pa kasikirini ka kutsogolo kwa mpando pali mapu oonetsa pomwe mwafika ndi maola otsala, mwana wanga anangokakamira pomwepo kuwerenga makilomita akuchepa mpaka tulo tinamugwira.

Chinanso chomwe chimasokoneza anthu ndi wotchi. Nthawi zolembedwa pa tikiti ndi za malo omwe mukunyamukira kapena kuterawo, Addis ili patsogolo pathu ndi ola limodzi, London ili m'mbuyo ndi maola 2 nthawi yawo yozizira koma ola limodzi lokha kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka Okutobala. Wodzakuchingamirani mungomutumizira nambala ya flight aziona yekha pa foni. Nyenyezi ndikupereka 4 pa 5, ndipo amene akundifunsa ndimawauza kuti adzere ku Addis konko.