Wodwala wa opaleshoni ya m'mimba: adzuke msanga kapena agone?

Abambo achitidwa opaleshoni dzulo. Achibale akuti, "Asiyeni agone, bala lingatseguke."

Kugona kumachepetsa ululu kwa kanthawi, koma mapapo sadzaza bwino mpweya, makhololo amaunjikana, chibayo n'kulowa. Magazi amatha kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, matumbo nawo amachedwa kuyambanso ntchito.

Kudzuka pasanathe maola 24 kumachepetsa zoopsazi, ndipo ine, monga wosamalira odwala, ndimatsamira kumeneko. Ndimayamba ndawapatsa mankhwala a ululu, n'kuwakhazika m'mphepete mwa bedi miyendo ili lendee, atapanikiza pilo pabalapo. Chizungulire chikatha, timayenda pang'ono atandigwira paphewa.

Koma BP ikatsika, mtima ukuthamanga, bandeji ikunyowa magazi, sindiwadzutsa ayi. Ndimaitana dokotala nthawi yomweyo. Akauzidwa kuti agonebe, timawatembenuza maola 2 aliwonse kupewa zilonda zapamsana.