WhatsApp ngati chida chodziwitsira achibale ndi alendo pokonzekera ukwati

Pamene mng'ono wanga ndi bwenzi lake anatsimikiza tsiku la ukwati wawo, ntchito imene inagwera ine inkaoneka yopepuka kuposa zonse, yomwe inali kuonetsetsa kuti achibale a mbali zonse ziwiri pamodzi ndi alendo oitanidwa akudziwa tsiku, malo, nthawi ndiponso kusintha kulikonse kumene kungabwere. Ndinaigwira kwa miyezi isanu pogwiritsa ntchito WhatsApp, ndipo zimene ndikulemba pano ndi mmene ndinaionera pulogalamuyi pa ntchito imeneyi yokha, osati pa macheza a tsiku ndi tsiku.

Sindinavutike kusankha. Alipo mawebusaiti opangidwira maukwati, amene amaika ndondomeko yonse pa tsamba limodzi lokongola, koma mlendo amafunika kukumbukira kukatsegula tsambalo, ndipo anthu ambiri sachita zimenezo kawiri. WhatsApp, imene inayamba mu 2009 n'kugulidwa ndi Facebook mu 2014, inali itapitirira kale anthu mabiliyoni awiri oigwiritsa ntchito pofika mu 2020, kotero kuti pa mndandanda wathu wa anthu pafupifupi 140, ochepa okha ndi amene analibe pulogalamuyi pa foni. Ubwino wake waukulu pa ukwati ndi umenewu: simupempha munthu aliyense kuphunzira chinthu chatsopano.

Kulakwitsa koyamba kunali kwanga. Popeza gulu limodzi limatha kulandira anthu okwana 1024, ndinaona kuti palibe chifukwa chogawira anthu, ndipo ndinaika onse pamodzi, kuyambira makolo, azakhali ndi amalume mpaka anzake a kuntchito a mkwati. Pasanathe sabata, uthenga wonena za tsiku ndi malo unali utakwiririka pansi pa mafuno abwino, zithunzi za maluwa, mapemphero ndi mkangano waung'ono wokhudza mtundu wa zovala za operekeza. Palibe amene anachita zoipa, chifukwa munthu akasangalala amayankhula, koma zotsatira zake zinali zoti ambiri anatseka belu la gululo, ndipo amene watseka belu samvanso ngakhale chilengezo chofunika. Chimene chinatipulumutsa ndi njira imene WhatsApp inaika mu 2018, yolola kuti oyang'anira gulu okha ndiwo azitumiza mauthenga. Tinasandutsa gulu lalikulu lija kukhala la zilengezo zokhazokha, lokhala ndi oyang'anira awiri, mmodzi wa kuchimuna ndi wina wa kuchikazi, ndipo zokambirana zonse tinazisamutsira ku kagulu ka anthu asanu ndi anayi amene ankakonzadi mwambowo. Ena anadandaula kuti tawatseka pakamwa, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake, koma kuyambira pamenepo foni ikalira kuchokera ku gululo aliyense ankadziwa kuti pali nkhani yoyenera kuwerenga. Ndikanayambanso lero, ndikanatseka gululo tsiku loyamba lomwe, n'kufotokoza chifukwa chake mu uthenga woyamba, popeza kulanda anthu mwayi umene anali nawo kale kumapweteka kuposa kusawapatsa n'komwe.

Pali chinthu china chimene sindinachiganizire poyamba. M'gulu wamba aliyense amaona nambala za foni za anzake onse, ndipo pa ukwati mumakhala mukusonkhanitsa mabanja awiri osadziwana komanso anthu amene sadzaonananso mwambowo ukatha. Mbali ya Communities, imene inabwera mu November 2022, imathandiza pamenepa, chifukwa imaika magulu angapo pansi pa denga limodzi n'kukhala ndi malo amodzi a zilengezo, kumene nambala za anthu sizionekera kwa aliyense monga zimakhalira m'gulu wamba. Ife tinaizindikira mochedwa ndipo sitinafune kusamutsanso anthu, koma kwa amene akuyamba kumene ndipo ali ndi alendo ambiri, imeneyi ndiyo njira yoyenera kuyambira.

Mndandanda wotumizira uthenga umodzi kwa anthu ambiri, umene pa pulogalamuyi umatchedwa Broadcast, ndinaugwiritsa ntchito pofunsa amene adzabwere. Umatenga anthu osapitirira 256, uthenga umafika kwa aliyense ngati kuti mwamulembera payekha, ndipo yankho lake limabwera kwa inu nokha. Zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa munthu amene sadzatha kubwera amamasuka kunena zoona pamene sakuonedwa ndi gulu. Koma pali lamulo limene aliyense ayenera kulidziwa asanadalire njirayi, lakuti uthengawo umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu m'foni mwawo. Achibale ambiri a kuchimuna sankandidziwa, choncho tinagwirizana kuti mbali imeneyo uthenga uzichokera kwa mlongo wake wa mkwati, amene nambala yake anali nayo kale.

Chiyeso chenicheni chinabwera patatsala milungu itatu, pamene nthawi yoyambira mwambo inasintha ndi ola limodzi. Apa ndi pamene ndinaona malire a zida zokonzera uthenga. WhatsApp imalola kusintha mawu a uthenga m'mphindi 15 zokha kuchokera pamene mwautumiza, ndipo kufufuta uthenga kwa onse kumatheka kwa masiku pafupifupi awiri, kotero kuti chilengezo chimene chinatuluka mwezi wathawo sichingakhudzidwenso. Ngakhale chikanafufutika, khadi loitanira anthu linali litatumizidwa kale kwa ena, litasungidwa m'mafoni ngati chithunzi, ndipo nthawi yakale inali italowa m'mitu ya anthu. Tinachita zinthu zitatu zimene ndingalangize aliyense. Tinalemba chilengezo chatsopano chachifupi chotchula nthawi yakale ndi yatsopano yomwe, kuti wowerenga aone kuti chasintha n'chiyani, kenako tinachikhomerera pamwamba pa gulu, zomwe zimatheka kwa maola 24, masiku 7 kapena masiku 30, ndipo pomaliza tinasintha mawu ofotokoza gululo, amene aliyense angawaone nthawi iliyonse akadina dzina la gulu. Kuchokera pamenepo, wina akafunsa za nthawi sitinkayankhanso kuchokera pamtima, koma tinkamulozera ku mawu ofotokoza gulu aja, kuti pasakhale mayankho awiri osiyana ochokera kwa anthu awiri a banja limodzi.

Mavoti, amene anabwera kumapeto kwa 2022, anatithandiza pa zinthu zing'onozing'ono monga kusankha tsiku lokumana okonza mwambo, koma sindingawalimbikitse powerengera alendo. Munthu mmodzi akavota kuti abwera, simudziwa ngati akubwera yekha kapena ndi mkazi wake ndi ana atatu, ndiponso mayina a ovota amaonekera kwa onse, zimene zimachititsa ena kuvomera chifukwa cha manyazi. Chiwerengero chenicheni ndinkachisunga m'kope, dzina ndi dzina, ndipo pa mbali imeneyi mawebusaiti a maukwati aja amaposa WhatsApp, popeza iyo sinapangidwe kuti izisunga mndandanda wa alendo.

Ndinakonda kwambiri mwayi woona amene alandira ndi amene awerenga uthenga wa m'gulu, chifukwa unkandisonyeza anthu oyenera kuwaimbira foni. Komabe ndinaphunzira kusakhulupirira kwambiri timizere tabuluu timene timaoneka pa uthenga wowerengedwa, popeza timangosonyeza kuti uthenga watsegulidwa, osati kuti wamveka. Azakhali athu ena ankaoneka kuti awerenga chilichonse, koma nditawaimbira ndinapeza kuti foniyo amaigwira kawirikawiri ndi mdzukulu wawo, ndipo iwo ankadziwabe nthawi yakale. Kwa akuluakulu otere mauthenga a mawu ankathandiza kuposa olemba, ngakhale kuti uthenga wa mawu ndi wovuta kuupezanso pakapita masiku, choncho chilichonse chofunika tinkachitumiza m'njira zonse ziwiri. Agogo ndi makolo a mbali zonse sitinalole kuti amve nkhani yaikulu iliyonse koyamba kudzera m'gulu, koma tinkayamba tawaimbira kapena kuwayendera, ndipo chilengezo chinkatuluka pambuyo pake.

Za linki yolowera m'gulu ndingonena mwachidule kuti aliyense amene waipeza angathe kulowa, ndipo linki imayenda mofulumira kuposa mmene woitumiza amaganizira. Ndi bwino kutsegula njira yoti woyang'anira azivomereza kaye aliyense wofuna kulowa, ndiponso kusintha linkiyo oitanidwa onse akalowa.

Pa tsiku la ukwati gulu la zilengezo linagwira ntchito yake bwino kwambiri. M'mawa tinatumiza malo enieni a mwambo pa mapu, ndipo amene ankatsogolera magalimoto anatsegula njira yosonyeza pamene ali, imene munthu angaiike kwa mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8, kotero kuti otsalira m'mbuyo sanafunike kuimbira mkwatibwi kapena makolo ake kufunsa njira. Pa ntchito yofikitsa uthenga mwamsanga kwa anthu ambiri ndingaipatse pulogalamuyi mapointi anayi pa asanu, ndipo imodzi ndaichotsa chifukwa kuwerengera alendo ndi kusunga ndondomeko yonse pamalo amodzi kumafunabe kope kapena chida china pambali.

Mwambo utatha tinatsegula gulu lija kuti aliyense athe kutumiza zithunzi, ndipo tinapempha kuti zabwino kwambiri azizitumiza ngati fayilo, chifukwa chithunzi chotumizidwa mwa nthawi zonse chimachepetsedwa ndipo sichioneka bwino mukachisindikiza. Patatha milungu iwiri mng'ono wanga ndi mwamuna wake analemba mawu othokoza, ndipo ine ndinauza anthu kuti gululo litsekedwa Loweruka lotsatira, kuti amene akufuna zithunzi azisunge nthawi ikadalipo.