Magalamu 12 a golide, patapita miyezi isanu

Mu Juni 2025, nditagulitsa fodya kuno ku Furancungo, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndinagula magalamu 12 a golide kwa mnyamata wina wa garimpo, ntchito yokumba golide pamanja, wochokera mbali ya Chifunde. Galamu imodzi ndinalipira mametikali (MT) 5,500, zonse 66,000. Ambiri mwakhala mukundifunsa ngati ndalemera. Mvetserani.

Kunja mtengo wakweradi. Pamene ndinkagula, aunsi imodzi, yomwe ndi magalamu 31.1, inali pamwamba pang'ono pa madola 3,300. Mu Okutobala 2025 inadutsa 4,000 kwa nthawi yoyamba. Dola inali cha pa 64 MT, ndiye ndikawerengetsa pa foni galamu inkafika 8,200. Usiku ndinkagona ndikumwetulira ndekha.

Mwezi uno mvula yayandikira, feteleza akufunika, ndiye ndinatenga magalamu anayi kupita nawo ku Tete. Wogulayo sanafulumire kuyika pa sikelo. Anayamba waika golideyo m'kambale kadothi n'kumuwotcha ndi moto wa gasi mpaka wasungunuka. Kautsi kanatuluka, iye n'kutembenuzira nkhope kumbali, akuti ndi mekyule amene okumba amagwirira golide. Atazizira, sikelo inati 3.6. Ndinangoti kukamwa yasa. Kenako anati golide wa mumtsinje si wa makarati 24, muli siliva ndi zina, ndipo mtengo wa pa foni ndi wa golide woyengedwa wa ku London. Anandipatsa 6,600 pa galamu. Ndinatuluka ndi 23,760 pa katundu amene ndinagula 22,000. Chotsanipo ndalama ya chapa, minibasi yopita ndi kubwera, nsima ya pa msika ndi madzi, chifukwa dzuwa la ku Tete silichita nthabwala. Phindu lotsala silingagule ngakhale theka la thumba la ureya.

Mayi a kunyumba sanachedwe kundikumbutsa. "Bambo a Yosefe, ndalama imeneyo tikanagula mbuzi, bwenzi pano zili ndi bere." Akunena zoona. Golide saswana, ndipo simungamudule kachidutswa kogulira mchere.

Palinso nkhani ya mapepala. Lamulo limafuna chiphaso kwa ochita malonda a golide, ine ndilibe. Ulendo wonse kabotolo ka golideyo kali m'sokosi, tikafika pa malo oimitsa galimoto mtima phaphapha. Zimenezi sindinaziganizire mu Juni.

Komabe sindikudandaula kwenikweni. Chaka chatha ndalama ya fodya ndinaisiya mu M-Pesa. Pofika Seputembala inali itatha: maliro uku, mlamu wadwala uko, mphwanga akufuna ya sukulu. Munthu ungakane bwanji foni ili m'manja? Chaka chino ndimangoti ndalama ndilibe, ndipo sindinama. Kuti golideyo ndimusandutse ndalama pamafunika ulendo wa tsiku lathunthu, ndiye yakhalitsa mpaka nthawi ya feteleza. Mbuzi zikanaonekera kwa aliyense wodutsa pa khola.

Amene mukufuna kuyesa, gulani golide wowotchedwa kale inu mukuona, pitani ndi sikelo yanu, ndipo funsani kaye ogula awiri kapena atatu kuti iwo akulipira zingati tsiku limenelo. Musaikemo ndalama ya mbewu.

Magalamu asanu ndi atatu otsalawo ndiwasunga mpaka fodya wina atalowa m'chigafa. Ndalama ya chaka chamawa ndalonjeza kale kunyumba kuti theka lipita ku mbuzi.