Old Trafford kapena Anfield: mukakhala ndi tsiku limodzi, mulowe bwalo liti?

Manchester ndi Liverpool ndi mizinda yoyandikana. Sitima yachangu sitha ola limodzi kuchoka ku Manchester kukaima pa Lime Street ku Liverpool, n'chifukwa chake okonda mpira akafika dera limeneli la England amalakalaka ataona mabwalo onse awiri, Old Trafford ya Manchester United ndi Anfield ya Liverpool. Nthawi ndi mapaundi zikalola, palibe choletsa. Zikavuta, muyenera kusankha. Sapota wa United kapena wa Liverpool safuna uphungu wa munthu, mtima wake unasankha kalekale. Ndikulankhula ndi inu amene mungofuna kuona bwalo lotchuka, pa tsiku lopanda masewero. Kuonera mpira weniweni ndi nkhani ina: matikiti a ligi amayamba agulitsidwa kwa mamembala a timu, ndipo mlendo kawirikawiri amatsala ndi odula aja ophatikiza chakudya.

Kunena za kukula, Old Trafford ilibe mnzake pakati pa mabwalo a matimu ku Britain. Mumalowa anthu pafupifupi 74,000, pomwe mu Anfield mumalowa 61,000 ndi kena pamwamba. Ukuluwo mumaumva woperekeza alendo akakukhazikani pampando, n'kukusiyani muyang'ane mipando yofiira italunjika kumwamba mbali zitatu. Bwaloli linatsegulidwa mu February 1910, ndipo alendo oyamba anali a Liverpool omwewa, amene anapambana 4-3. Woperekeza sakonda kuchedwa pa mfundo imeneyi.

Koma ndi bwalo lotopa. Denga limadontha, moti mu May 2024, pa masewero ndi Arsenal, dziko lonse linaona madzi akukhuthuka pakona ngati mathithi. Makonde ndi opanikiza, mipando ndi yothinana, ndipo pa mndandanda wa mabwalo a Euro 2028 dzina lake palibe, pali la Manchester City. Anfield ndi yakale kuposa pamenepo, ya 1884, koma eni ake akhala akuikonza. Main Stand yatsopano inatsegulidwa mu 2016, ndipo ya Anfield Road anaimaliza kuikuza mu 2024. Mukachoka ku Old Trafford n'kulowa kumeneku, mungaganize kuti bwalo laling'ono pa zaka ndi ili.

Kayendetsedwe ka alendo n'kosiyananso. Ku Old Trafford mumayenda pagulu ndi woperekeza mmodzi, amene amafotokoza, kuseka nanu ndi kuyankha mafunso. Mukapeza waluso, ulendo umakoma kwambiri, koma gulu likanyamuka nanunso munyamuke, ngakhale chithunzi chisanatuluke bwino. Ku Anfield amakupatsani kachipangizo komvetsera m'makutu, mumayenda mwa liwiro lanu, ogwira ntchito ataima m'malo osiyanasiyana. Amene Chingerezi cha kumpoto kwa England chimawathawa (cha ku Liverpool ndiye chimathawa ngakhale Angerezi anzawo) apeza mpumulo pamenepa, poti mawu a m'kachipangizoko mutha kuwabwereza. Ineyo ndimakonda munthu kuposa makina, koma ufulu wokhala pansi mphindi khumi popanda wokufulumizani ndi wamtengo wapatali m'malo ngati awa.

Konse kuwiri mudzalowa m'chipinda chovalira osewera, mudzaona majezi atapachikidwa aliyense pamalo pake, mudzatulukira m'kanjira ka osewera n'kukakhala pa mpando wa mphunzitsi. Konse kuwiri kapinga saponda, ndipo alonda pa zimenezi sanyengerera. Kusiyana kuli pa kanjirako. Ku Old Trafford osewera masiku ano amatulukira pakona. Kanjira kakale kali pakatikati pa sitandi yakumwera, ndipo ndi kokhako kamene katsala ka bwalo la 1910, chifukwa mabomba a Germany anagwetsa sitandi imeneyo mu 1941, United n'kukabwereka bwalo la City ku Maine Road mpaka 1949. Ku Anfield chokopa anthu ndi kachikwangwani kofiira kolembedwa This Is Anfield, komwe Bill Shankly, mphunzitsi wakale wa Liverpool, anaika kuti matimu obwera kudzasewera adziwe kumene abwera. Jürgen Klopp analetsa anyamata ake kukagwira mpaka atatenga chikho, ndipo chikhocho chinabwera mu 2019. Mlendo alibe lamulo lotero. Mudzaona akuluakulu a imvi akunyanyamphira kuti achigwire, mzere uli kumbuyo kwawo.

Kenako mumakwera mu Kop, sitandi yotchuka ya kuseri kwa golo ku Anfield. Dzinali linachokera ku Spion Kop, phiri la ku South Africa komwe asilikali ambiri a ku Lancashire anafera mu January 1900. Kale anthu oposa 25,000 ankaimirira mmenemo, akukankhana ndi kuimba. Kuyambira 1994 ndi mipando yokhayokha, yoposa 12,000. Ndinene mosabisa: Kop yopanda anthu ndi mipando basi. Chimodzimodzi Stretford End ya United. Chimene chinatchukitsa malo amenewa ndi phokoso, ndipo phokoso siligulitsidwa pa tsiku lopanda mpira.

Pa nyumba yosungiramo mbiri, United ili patsogolo. Yawo ili mu Sir Alex Ferguson Stand, ndi ya zipinda zambiri, ndipo imakuyendetsani kuchokera pomwe timuyi inali ya ogwira ntchito za njanji, ikutchedwa Newton Heath mu 1878, mpaka zikho zitatu za chaka chimodzi mu 1999. Ya Liverpool ndi yocheperapo, koma ili ndi chimene United ilibe: zikho zisanu ndi chimodzi za ku Ulaya zitandandalikidwa, za 1977, 1978, 1981, 1984, 2005 ndi 2019. United ili ndi zitatu. Za ligi musakanganepo, kuyambira 2025 aliyense ali ndi 20.

Gawo lolemera kwambiri pa mabwalo onsewa lili panja, ndipo sililipiritsa. Ku Old Trafford pali wotchi yolembedwa 6 February 1958, tsiku limene ndege ya timuyi inagwa ponyamuka ku Munich ikuchokera ku Belgrade. Anthu 23 anamwalira, asanu ndi atatu mwa iwo osewera. Pansi pa sitandi yakumwera pali njira yomwe makoma ake akufotokoza za ngoziyo, ndi momwe mphunzitsi Matt Busby, amene anapulumuka atavulala kwambiri, anamangira timu ina imene inatenga chikho cha ku Ulaya patatha zaka khumi. Mukaiwerenga nkhaniyo, chiboliboli cha osewera George Best, Denis Law ndi Bobby Charlton, chimene chapenyana ndi cha Busby, mumachiona ndi maso ena. Ku Anfield kuli chikumbutso cha masapota 97 amene anafa chifukwa cha kupanikizana pa bwalo la Hillsborough ku Sheffield pa 15 April 1989. Maina alembedwa pamwala pamodzi ndi zaka zawo, ena ana asukulu, ndipo pakati pali moto wosazima. Pamenepa abale amabwerabe kudzaika maluwa, choncho foni itsike kaye.

Kayendedwe n'kosavuta ku Manchester. Kwerani sitima ya m'tauni ya Metrolink mutsike pa Wharfside. Chenjerani ndi siteshoni yotchedwa Old Trafford, imeneyo ili pakhomo pa bwalo la cricket, ndipo muyendanso pansi ndithu. Ku Anfield kulibe siteshoni yapafupi, mukwera basi nambala 17 pa Queen Square kapena takisi. Koma kuvutikako kumalipira. Old Trafford yazunguliridwa ndi malo oimika magalimoto, njanji ndi mafakitale, pamene Anfield yamera pakati pa nyumba za anthu, zanjerwa, zolumikizana khoma ndi khoma. Mumakhota pakona n'kungoona sitandi yatulukira pamwamba pa madenga, makoma a nyumba ena atajambulidwa nkhope za osewera. Mukadutsa Stanley Park mufika pa Goodison Park ya Everton, eni ake oyamba a Anfield, amene anasamuka mu 1892 atakangana za lendi ndi mwini malowo, John Houlding. Houlding anatsala ndi bwalo lopanda timu, n'kuyambitsa Liverpool.

Kulikonse kumene mungasankhe, gulani tikiti pa intaneti nthawi ikadalipo, ndipo yang'anani ndandanda ya masewero. Tsiku loyandikana ndi mpira wa pakhomo, chipinda chovalira chikhoza kutsekedwa kwa alendo.

Kwa munthu wopanda mbali, ine ndingati Anfield. Bwalo ndi losamalidwa, mumayenda mosathamangitsidwa, ndipo dera lozungulira ndi theka la ulendowo. Chimodzi chokha chingandisinthe maganizo. Mu March 2025 United inalengeza kuti ikufuna kumanga bwalo latsopano la anthu 100,000 pafupi ndi lomwe lilipoli. Anfield angoikonza kumene, idzakudikirani. Ngati mukudziwa kuti ku England simudzabwerako msanga ndipo kanjira ka 1910 mukufuna kukaona ndi maso anu, kwerani Metrolink.