Miyezi 9 ndi zithunzi ziwiri za Daumier pakhoma

Zithunzi ziwiri za Honoré Daumier, wojambula wa ku France, zitangondipeza chaka chatha, ndinalemba mwachidule kuti pepala lake ndi lokhuthala, inki yake ndi yakuda bwino, ndipo ndinalonjeza kudzanenanso zikadzaona dzinja. Dzinja ladutsa. Awa ndi makope osindikizidwa masiku ano amene ndinaitanitsa pa intaneti, osati mapepala enieni a m'ma 1830.

Inki sinasuluke ngakhale pang'ono, mwina chifukwa khomalo silifikidwa ndi dzuwa. Chimene chinandivuta ndi chinyontho. Mu Januwale chithunzi chimodzi chinayamba kukwinyika, m'mphepete mukutuluka timadontho ta nkhungu, chifukwa pepala linali logundana ndi galasi. Kalipentala anandidulira katoni yozungulira m'mbali kuti pakhale mpata, ndipo vutolo silinabwerenso. Ogula, chitani zimenezi tsiku loyamba lomwelo.

Chimene ndinagulira kwenikweni chinali Gargantua, cha mu 1831. Mfumu Louis-Philippe ya ku France yakhala pampando, chimimba chili tantha, mutu wosongoka ngati peyala. Kuchokera pansi kukafika kukamwa kwake kwatsamira thabwa lalitali, ndipo anthu akukwera ndi madengu a ndalama zotolera kwa amphawi, kukakhuthulira m'kamwamo. Kunsi kwa mpando kukugwa mapepala a maudindo ndi ulemu, akuluakulu n'kumalimbirana. Daumier anali ndi zaka 23 zokha, akugwira ntchito ndi Charles Philipon, mwini nyuzipepala ya La Caricature. Khoti linamulipitsa mafranki 500 ndi kumulamula kukhala m'ndende miyezi 6, ndipo mu 1832 analowa m'ndende ya Sainte-Pélagie mumzinda wa Paris. Alendo onse amayambira pa chithunzi chimenechi, amaseka, amatchula mayina a anthu amene akuti akufanana ndi mfumuyo. Nanenso ndinkaseka. Koma pofika mwezi wachitatu ndinali nditachitolera chonse, diso silinkapezamonso chachilendo.

Chinacho ndinangowonjezera pa oda, ndipo ndi chimene chandigwira mtima. Dzina lake ndi Rue Transnonain, le 15 avril 1834, kutanthauza Msewu wa Transnonain, pa 15 Epulo 1834. Mu Epulo chaka chimenecho ku Paris kunali zipolowe. Asilikali, ponena kuti wina wawaombera kuchokera m'nyumba nambala 12 ya mumsewu umenewu, analowamo n'kupha anthu 12. Daumier sanajambule msilikali, sanajambule mfumu. Anajambula chipinda chogona kutacha. Bambo wagona chagada pansi pafupi ndi bedi, ali ndi malaya ogonera, miyendo ili tang'a. Mpando wagudubuzika. Kudzanja lamanja kukuoneka mutu wa nkhalamba.

Ndinakhala nacho masiku angapo ndisanazindikire bwinobwino kuti pansi pa bamboyo pali kamwana, kagona chafufumimba, kamutu kali m'magazi. Kuyambira tsiku limenelo sindidutsa pakhomapo mwachisawawa. Munthu amene dziko lonse linkamudziwa ndi nthabwala anafika pamalo pamene nthabwala sizikanatheka, ndipo sanakokomeze chilichonse, ngakhale mphuno ya munthu. Boma linachiopa chithunzichi: apolisi analanda makope pamodzi ndi mwala umene anajambulapo.

Za mwalazi ndi zofunika kwa wogula. Daumier ankajambula ndi choko chamafuta pamwala wosalala wa laimu. Akanyowetsa mwalawo, inki imangomatira pamene padutsa chokocho, popeza madzi ndi mafuta sizigwirizana. N'chifukwa chake mithunzi yake imakhala ya timadontho tofewa, yochoka pa kuda kupita pa kutuwa pang'onopang'ono. Apa ndi pamene kope langa lalephera. Kumanzere, mumdima, kwagona mtembo wa mayi, koma pa pepala langa mbali imeneyo yangoda bii. Nditayerekeza ndi zithunzi zimene nyumba zosungira zinthu zakale zaika pa intaneti, ndinaona kuti wosindikiza anathira inki yambiri mpaka mayiyo anatsala pang'ono kusowa. Zimandipweteka, chifukwa munthu anaphedwa ndipo Daumier anafuna kuti aoneke.

Mu Seputembala 1835 boma linakhwimitsa malamulo a nyuzipepala, Daumier n'kutembenukira kwa maloya, oweruza ndi anthu wamba a mu Paris, makamaka mu nyuzipepala ya Le Charivari. Anasiya zithunzi zapamwala pafupifupi 4,000, ndipo anamwalira mu 1879 ku Valmondois, mudzi wa pafupi ndi Paris, maso atatsala pang'ono kufa, alibe chuma.

Gargantua ndachisamutsira pabalaza, kumene alendo amachikonda. Rue Transnonain chatsala pamwamba pa tebulo langa lowerengera, kutali ndi pamene ana amadyera. Ndayamba kusunga ndalama za kope lina, ndipo ulendo uno ndidzapempha wogulitsa anditumizire kaye chithunzi cha mbali yakumanzereyo ndisanalipire.